Ndani Akuyendetsa Mnzake?

9 Malichi

Okondedwa amuna anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Mzime wathu. Ine kuno ndadzuka wamphamvu ngati kale. Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni mumandidula pakamwa ndisanafike pakati pa nkhani, kenako mumati mayunitsi atha. Pepala silidula munthu pakamwa.

Ntchito ija ndaipeza. Zochapa m'nyumba zitatu zija ndasiya, tsopano ndikusamalira bambo mmodzi wachikulire, wa zaka 74, amene wangotuluka kumene m'chipatala. Mtima unawagwira ali pamzere kubanki. Madokotala anapeza mitsempha iwiri itatsekeka, anaitsegula n'kuikamo timapaipi. Anali mphunzitsi wa masamu, ndiye aliyense kuno amangoti Aphunzitsi. Akazi awo anamwalira kale. Wondilemba ntchito ndi mwana wawo wamkazi, ine ndimati Adona. Amakhala kwina, amabwera Lamlungu lililonse, ndipo amayamba kupereka moni kwa fumbi la pawindo asanapereke kwa anthu.

Tikukhala pansanjika yachinayi. Khitchini ndi yopapatiza moti ukatsegula filiji, chitseko sichitseguka. Ine ndimagona m'kachipinda kamene ankasungiramo mabuku, ndipo mabukuwo sanasamuke, ndine ndawapeza.

Kuphika ndi kupereka mankhwala si vuto. Ntchito yeniyeni ndi kuwayendetsa. Adokotala anati aziyenda tsiku lililonse, kuyamba ndi mphindi zisanu n'kumawonjezera. Iwo akhala pampando wawo wachikopa ngati anawakhomerapo ndi misomali. Tsiku loyamba ndinati, "Aphunzitsi, tiyeni tikafike pachipata."

"Pachipata pali chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye tikatengako chiyani? Mtima wangawu wagwira ntchito zaka 74, usiyeni upume."

Ine ndinati, "Mtima ukapuma, Aphunzitsi, timaitana abale."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa nthawi, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Tsiku limenelo anafika pachitseko cha nyumba basi, koma anafika. Ndaona kuti si ulesi, ndi mantha. Akaimirira amagwira pachifuwa n'kumamvetsera, ngati munthu amene wamva mgugu kuseri kwa nyumba. Musandidere nkhawa. Ndinalera ana atatu, inu wachinayi, nkhalamba imodzi singandikanike.

Kangachepe ndatumiza. Mumugulire Mzime nsapato za kusukulu, zokulirapo pang'ono chifukwa phazi lake silikugona. Muitanenso akalipentala aone lata la pangodya ya kuchipinda, musadikire kuti madzi akupezeni pabedi. Kuno zinthu zakwera, mafuta ophikira tikuthira ngati mankhwala a m'maso.

Lachiwiri chikepe chinafa, ndinakwera masitepe ndi majumbo awiri a zogula. Ndinapuma katatu ndisanafike. Masitepe a kuno anawamanga moipa.

Ndine mkazi wanu.

30 Malichi

Okondedwa Atelala anga,

Landirani moni wochokera pansi pa mtima, ndipo masiku ano mtima ndikuudziwa bwino, si mawu chabe. Kalata yanu yafika. Ndakondwa kumva kuti denga lasiya kudontha ndiponso kuti Chisamba wathu ndi khanda lake ali bwino. Ine ndili bwino.

Aphunzitsi tsopano akufika kusitolo ya mankhwala ya pakona. Ndinapeza nzeru yake: munthu wa masamu sakana nambala. Ndinawauza kuti kuchokera pachipata kufika pabenchi ya pokwerera basi ndi mapazi 200. Iwo anati, "Bodza, sangapitirire 170." Ine ndinati tiyeni tikawerenge. Anapezeka 163, ndipo anakondwa kwambiri kuti ndalakwa mpaka anaiwala kuti ayenda. Tsopano ndimalakwa dala tsiku lililonse, mtunda n'kumatalikira.

Lachiwiri ndi Lachisanu timapita kuchipatala, kuchipinda kumene odwala mtima amalimbitsirako thupi. Muli njinga zimene umapalasa mpaka thukuta koma sufika kulikonse. Nkhalamba khumi ndi ziwiri zimapalasa pamzere, wina aliyense akusuzumira kuti mnzake wafika pati. Woyang'anira ndi Anesi, mayi wamfupi wa mawu ngati a wapolisi wa pamsewu. Ife operekeza timakhala pabenchi kukhoma. Akamaliza kupalasa, Anesi amaphunzitsa, ndipo apa mutchere khutu chifukwa ndi pamene pali nkhani yanu.

Akuti matenda a mtima sagwa ngati mphenzi. Amamanga pang'onopang'ono ngati dzimbiri m'paipi ya madzi, zaka ndi zaka, munthu akuyenda akuseka. Koma angathe kuwaona asanafike. Amakufunsa zaka zako, ngati umasuta, ndi chimene chinatenga makolo ako. Amakuyeza BP, shuga, mafuta a m'magazi ndi chiuno. Zonsezo amalowetsa m'kompyuta, ndipo imatulutsa nambala imodzi: pa anthu 100 ofanana ndi iwe, ndi angati amene adzadwale mtima kapena kufa ziwalo m'zaka khumi zikubwerazi. Zaka zako ndi makolo ako sungasinthe, koma zinazo zili m'manja mwako. Mankhwala oyamba ndi aulere: kuyenda mwandawala theka la ola, masiku asanu pasabata. Akuti uziyenda moti ungathe kulankhula koma osatha kuimba.

Ndinkamvetsera ndikupinda zala, ndipo chala chilichonse chinkaloza inu. Ndudu. Kukhala pamakina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mchere mumathira musanalawe. Abambo anu anagwa pakhonde akumanga nsapato, asanafike zaka 60, tonse n'kungoti ndi tsoka. Inu mwakwanitsa 55.

Choncho sabata ino mupite kuchipatala m'mawa musanadye kanthu. Mukawauze kuti akuyezeni zonse ndatchulazi, akuwerengereni nambala yanu. Ndiponso tepi imene imakhala m'khosi mwanuyo: mumayeza ziuno za anthu tsiku lonse, chanu munachiyeza liti? Muyeze pamchombo, osakoka mimba, ndipo Mzime ndi amene awerenge. Inu ndimakudziwani, mumadya masentimita mukamayeza makasitomala onenepa kuti akondwe.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndine woposa mnansi.

Mkazi wanu.

20 Epulo

Amuna anga,

Moni nonse. Ndili bwino, kupatula kamutu kamene kamandigwira kunkhongo m'mawa. Ndi pilo wa kuno, ndi wolimba ngati thumba la simenti.

Kalata yanu ndawerenga, ndipo sindinaseke. Chabwino, ndinaseka pang'ono pamene mwati telala amapalasa makina tsiku lonse ndiye ndi katswiri wa mpikisano wa njinga. Ndinasekanso pamene mwati munatumiza mkazi kukagwira ntchito, wakubwererani dokotala wopanda satifiketi. Koma kuchipatala simunapite. Chiuno cha masentimita 88 ndavomera chifukwa wawerenga ndi Mzime, koma tepi siona m'magazi. Safunsa anadya phula, bambo. Mukapanda kupita mwezi uno ndilembera Chisamba, adzakutengeni yekha khanda lili kumbuyo, makasitomala anu akuona.

Aphunzitsi tsopano timafika nawo kupaki. Pali kachitunda kakang'ono usanafike pachipata chake. Lolemba titakwera anakhala pabenchi n'kukana kudzuka.

Ndinafunsa, "Mwatopa?"

"Ine ayi. Ndikudikira inu kuti mupeze mpweya."

Ndinati akuseleula. Iwo anati, "Ndakhala ndikuwerenga sabata yonse. Pachitundachi ine ndimapuma ka 24 pamphindi, inu ka 31. Wodwala ndani pano?" Kenako anandifunsa ngati amayi anga ali moyo. Ndinawauza mmene anafera ziwalo mbali imodzi, n'kugona miyezi inayi osalankhula. Anafunsa zaka zawo, ndinati 54. Anafunsa zanga. Ndinayang'ana nkhunda.

Anati, "Lachisanu Anesi akuyezeni. Mukakana, ine njinga sindikwera."

Mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Munthu wolembedwa kudzasamalira wodwala saloledwa kudwala. Ukatsokomola kawiri, pakhomo paima kale wina wofuna malo ako. Koma nkhalambayi ikanena yanena, ndipo Lachisanu inakhaladi pabenchi itapinda manja, anzake akupalasa. Anesi atamva chifukwa chake sanataye nthawi, anangondikoka mkono n'kuumanga. Anayeza kamodzi, anayezanso, kenako anayeza mkono winawo. Makina awowo ndikuona ngati ndi otopa, amayeza nkhalamba tsiku lonse. Anati ndibwerenso m'mawa mwake ndisanadye, adzatenge magazi. Ndinapita kuti nkhani ithe.

Ana musawauze, palibe choti muwauze. Inu pitani kuchipatala.

Mkazi wanu.

11 Meyi

Okondedwa amuna anga,

Moni. Ndathokoza kuti mwapita, ndipo pepala lanu limene Mzime wajambula pafoni ndaliona. BP ili bwino, shuga ali bwino, mafuta ali bwino. Njinga yanu yopitira kumsika ija yakugwirirani ntchito, ndavomera. Ndinawaonetsa Anesi. Akuti nambala yanu ya 10 pa 100 yakwera chifukwa cha fodya, mukasiya idzatsika pafupifupi ndi theka. Ndiye musavine kwambiri. Ndudu zija muzitaye.

Mwafunsa za magazi anga. Zotsatira zinatuluka. Ndidzakuuzani bwino ndikapeza mpata, masiku ano ntchito yachuluka.

Mumuuze mng'ono wanga kuti ndikufuna kulankhula naye, andiimbire Lamlungu masana.

Ndine wanu.

15 Juni

Okondedwa amuna anga, bambo a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana. Ndikudziwa kuti ndakhala chete masabata asanu, ndipo pafoni ndimangoti zili bwino n'kudula. Lero khalani pansi, muimitse makina, muwerenge mpaka kumapeto. Ndiyambe ndi kunena kuti ndili moyo, ndikuyenda, ndipo sindikupita kulikonse.

Anyani amasekana zikundu. Ndinakupindirani zala zonse zija, osadziwa kuti zikuloza ine. BP yanga inali 172. Shuga wadutsa malire, ndi matenda ndithu ngakhale angoyamba kumene. Mafuta a m'magazi ndi ochuluka. Chiuno 104. Anesi anandifunsanso za mimba ya Mzime, pamene ndinatupa miyendo n'kugonekedwa m'chipatala chifukwa cha BP, akuti nazonso zimawerengedwa. Nambala yanga ndi 18 pa 100. Inu wosuta 10, ine amene sindinagwirepo ndudu 18. Ndinakwiya ndi kompyutayo, ndinakwiya ndi inu, ndinakwiya ndi amayi anga amene alibe mlandu. Ndinkawaona ali gone pamphasa paja, maso akulankhula pakamwa pakukana, ndipo ndinawerenga kuti kwanditsalira zaka ziwiri kuti ndifike msinkhu wawo.

Adokotala anandipatsa mapilitsi a mitundu itatu. Pepala la zotsatira ndinalipinda kanayi n'kulibisa m'buku lina m'chipinda changa. Aphunzitsi ndinawauza kuti zonse zili bwino. Patapita masiku atatu anandiitana, pepala lili pabondo.

"Mayi, munthu amabisa mayeso m'buku la mphunzitsi?"

Anavala magalasi n'kuwerenga mzere uliwonse ngati akuchonga. Kenako anati, "18 pa 100. Ndiye kuti 82 sadzadwala. Funso ndi lakuti inu mukhala gulu liti. Ine zaka makumi awiri zapitazo ndiyenera kuti ndinali ndi nambala yonga iyi, koma palibe anandiwerengera. Ndinaimva ndili pansi kubanki, anthu akundimasula tayi. Inu mwapatsidwa mafunso mayeso asanafike, ndiye mukulira chiyani?"

Anandisungira chinsinsi, koma Adona anapeza mapilitsi kuseri kwa chitini cha tiyi. Anabwera nawo pabalaza ali m'manja.

"Awa si a bambo anga."

"Ndi anga."

"Mwandibisira kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata atatu."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati, "Mukagwa pamasitepe muli nawo, adzadzutsa mnzake ndani? Amayi ndinataya kale. Sindingataye bambo chifukwa chokumverani chisoni inu." Amuna anga, mawu amenewo ndi oona, ndipo ine nditakhala iwo ndikananena chimodzimodzi. Ndinayamba kale kuganiza za chikwama changa chili pansi pa bedi.

Pamenepo Aphunzitsi anagogoda pansi ndi ndodo. Anati, "Mwana wanga, mayiwa anandipeza ndikuopa kupita kubafa. Lero ndimazungulira paki. Akachoka, ndibwerera pampando uwu, ndipo mudzandinyamulira pomwepa."

Adona analira pang'ono, ine ndinapita kukatereka madzi kuti ndiwapatse mpata. Pomaliza tinagwirizana chonchi: ndikhala mpaka Sepitembala. Anesi adzandiyezanso zonse n'kulemba pepala. Likadzakhala labwino ndipitiriza, likadzakhala loipa ndidzachoka ndekha popanda kukangana.

Miyezi itatu ndi yokwanira. Ndinaimitsa munthu amene anakhomedwa pampando, ndilephera bwanji kudziimitsa ndekha? Tsopano ana muwauze, makamaka Chisamba, chifukwa magazi ake ndi anga. Musagulitse kanthu, musabwereke kanthu, musandiuze kuti ndibwerere. Chimene ndikufuna kwa inu ndi chimodzi, ndipo chili m'thumba la malaya anu: ndudu zija muzitaye.

Mkazi wanu, amene wachita manyazi koma sanagonje.

27 Julaye

Okondedwa Atelala,

Moni nonse, ndi kwa mdzukulu wanga amene ndamva kuti mano awiri atuluka. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno mawuwa ndi oona. Kamutu ka kunkhongo kaja kanatha, pilo ndi yemwe uja.

Zinthu zatembenuka m'nyumba muno. Hafu sikisi m'mawa ndodo imagogoda pachitseko changa. Ndimavala nsapato za mphira zimene ndinagula pakaunjika, n'kutsika ndekha kukazungulira mdadada wathu kanayi mwandawala. Ndimadutsa pa ophika buledi akutsitsa matileyi, pa mayi wosesa kutsogolo kwa saluni, ndi pa mlonda wa pagalaja amene amandiwerengera mokweza, "Kawiri, mayi! Katatu!" Aphunzitsi amakhala pawindo ndi wotchi ndi kope. Ndikabwera amandiuza mphindi zanga n'kulemba ndi cholembera chofiira. Tsiku lina ndinaima kucheza ndi wosesa uja, analemba kuti, "Amalongolola m'kalasi." Tikamwa tiyi timatuluka awiri, ulendo wawo wa kupaki. Anthu a m'nyumba zino asokonezeka, sakudziwanso kuti akuyendetsa mnzake ndani.

Masabata awiri oyamba akatumba ankawawa moti ndinkatsika pabedi ngati nkhalamba yoposa iwo. Tiyi wopanda shuga ndinkamumva ngati chilango. Ndinachoka pa masupuni atatu kufika pa imodzi, tsopano palibe, ndipo lilime lazolowera. Mchere ndimayeza ndi kasupuni, sinditapanso ndi dzanja. Chimene ndimaphikira iwo ndi chimene ndimadya ine, mphika umodzi, masamba ambiri ndi nyemba. Kale ndinkawaphikira zawo zopanda mafuta n'kudzikazingira zanga pambali, ndikudziona wochenjera.

Si zonse zayenda bwino. Bambo wina amene ankapalasa njinga yoyandikana ndi ya Aphunzitsi, wokonza mawotchi, wamwalira. Sanaphonyepo tsiku ngakhale limodzi. Aphunzitsi atamva anabwerera pampando wachikopa masiku awiri. Anati, "Mwaona? Anachita zonse molondola, yankho n'kukhala lomwelo." Tsiku lachitatu ndinavala nsapato n'kunena kuti, "Inu munandiuza kuti nambala sikulonjeza, imangosonyeza kumene mwayi wapendekera. Ine ndikupita kukaupendeketsa. Mukafuna khalani." Ndinatsika osatembenuka. Ndisanafike pa ophika buledi ndinamva ndodo kumbuyo, go, go, go, ndi mawu akuti, "Musathamange, sindinanene choncho ndendende, mwasokoneza mawu anga." Anandikonza njira yonse mpaka kupaki.

Mng'ono wanga anandiimbira. Anapita kukayezetsa monga ndinamuuzira, BP yake nayenso ndi yokwera, wayamba mankhwala. Mukamuona mumufunse ngati akumwa tsiku lililonse, chifukwa ameneyo akangomva bwino amasiya. Chisamba zake zili bwino, koma azipita chaka chilichonse.

Tsopano za inu. Mwalemba kuti mwasiya fodya masabata anayi. Mzime walemba kuti masabata atatu, ndiponso kuti m'kabati ya makina, pansi pa mabatani, muli ndudu ziwiri zimene mukuti ndi za alendo. Alendo ake ati? Komabe ndakunyadirani. Ndikudziwa kuti zala zikusowa chogwira ndipo mukukalipira aliyense. Pirirani, ukali umatha, mapapo amatsala.

Madiresi anga onse akukhwepa. Chiuno chafika 98. Mundisokere imodzi yatsopano, ya nsalu yobiriwira ija munasunga, koma musadule msanga. Ndidzakutumizirani muyeso womaliza mu Sepitembala.

Wanu woyenda ndawala.

14 Sepitembala

Okondedwa amuna anga,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa mdzukulu. Ndili bwino kwambiri, ndipo ndili ndi nkhani ziwiri. Muwerenge zonse musanayambe kudandaula.

Yoyamba: Anesi andiyeza. BP 134. Shuga watsika, mafuta atsika, chiuno 95, dulani nsalu ija. Nambala yanga yachoka pa 18 kufika pa 11. Anesi akuti ndisaiyese chikho choti ndaika pashelefu, mapilitsi ndi nsapato ndi za moyo wonse, ndikasiya nambala idzabwerera kumene inachokera. Ndamva. Koma anandigwira paphewa pamaso pa nkhalamba zonse n'kunena kuti, "Mwaona wa pabenchi uyu? Wakupitirirani nonse." Zinawomba m'manja zili panjinga, ina inatsala pang'ono kugwa.

Yachiwiri: ntchito yatha.

Lamlungu ndinawapatsa Adona pepala lija. Anawerenga, anandithokoza, kenako anayamba kupotokola lamba wa chikwama chawo. Anati, "Mayi, pepala lanu lilibe vuto. Koma adokotala a bambo akuti safunikanso munthu wogona nawo m'nyumba. Ndipo bambo eniake akuti akufuna ayesere kukhala okha." Ndinayang'ana Aphunzitsi. Ankapukuta magalasi amene anali oyera kale.

Ndisakunamizeni, zinandiwawa. Ndinalowa m'khitchini n'kutsuka mapoto otsuka kale. Miyezi itatu ndikutuluka thukuta kuti pepala lisandichotse ntchito, osadziwa kuti ndikudzichotsa ndekha ndi miyendo ya nkhalamba. Masiku awiri ndinkangowayankha kuti inde ndi ayi.

Lachitatu Aphunzitsi anavala chipewa n'kunena kuti akupita kukameta, ine ndikhale. Ometa ali kutsidya kwa msewu waukulu, wa magalimoto mizere inayi, umene sitinawolokepo. Ndinaima pawindo. Ndinawaona ataima pamaloboti, ndodo ili m'khwapa, osaigwiritsa n'komwe. Atayaka obiriwira anawoloka mutu uli chilili, anapitirira mayi wina wokankha ngolo ya mwana, anakwera tsidya linalo n'kulowa mwa ometa osacheuka. Ndinamva ngati tsiku limene Mzime anapita yekha kusukulu koyamba n'kukana kuti ndimugwire dzanja. Mkwiyo unathera pomwepo. Anandilemba ntchito kuti munthuyu aime yekha, ndipo waima.

Za mawa musade nkhawa. Anesi anandiitanira pambali Lachisanu. Pali mayi wina wa zaka 61, anali woyendetsa basi, wachitidwa opaleshoni ya mtima ndipo akukana kutsika pabedi. Wathamangitsa kale omusamalira awiri, wina anamugenda ndi kapu. Ana ake anafunsa Anesi ngati akudziwa munthu wosamva kutukwanidwa, ndipo Anesi akuti sanaganize kawiri. Ndiyamba pa 1 Novembala, ndipo ndawauziratu za mapilitsi anga, sindibisanso kanthu kuseri kwa chitini. Adona andilembera kalata yabwino yondichitira umboni. Pakati apa ndibwera kunyumba masabata atatu. Ndidzakuuzani tsiku ndikagula tikiti. Mukonze chitseko cha kuchipinda chija chimalira, ndipo Mzime achotse mabuku ake pampando wanga.

Dzulo ndikulongedza, Aphunzitsi anaima pakhomo la kachipinda kaja, akuyang'ana mabuku awo ngati akuwawerenga ngati alipo onse. Anati, "Kwa mayi wa basiyo, Lamlungu mudzakhala mukugwira ntchito?"

Ndinati, "Ayi, ndi tsiku langa lopuma."

"Paki satseka Lamlungu. Seveni koloko pachipata. Mukachedwa ndikusiyani."

Ndipo amuna anga, akhozadi kundisiya. Masiku ano amayenda ngati munthu amene waba kanthu.

Ndine mkazi wanu, amene akubwera ndi miyendo yake.